Knute Rockne: wamalonda yemwe katundu wake anali timu ya pasukulu

Mukatsegula mbiri ya timu ya Notre Dame, koleji ina ya Akatolika ya ku America, mupeza manambala okhaokha ondondozana chaka ndi chaka: apa anapambana kangati, apa anagonja kangati. Ndi zotopetsa kuwerenga, tisanamizane. Koma mukafika pa 1918 n'kumatsika mpaka 1930, maso amaima okha. Pa zaka 13 zimenezo timuyi inapambana masewero 105, inagonja 12 okha, n'kufanana mphamvu kasanu. Amene ankaiphunzitsa anali munthu mmodzi, wadazi, wa mphuno yophwatalala, dzina lake Knute Rockne.

Ambiri amamukumbukira ngati katswiri wa mpira. Ine ndikuti mkuluyu anali wamalonda, ndipo inu a mumsika mumuzindikira msanga kuposa anzathu a pasukulu. Koma nanu ophunzira musathawe, chifukwa katundu amene ankagulitsayo anali ana asukulu anzanu.

Poyamba timvane za mpira wake. Si wathu wamiyendo uja ayi. Uwu ndi wa Achimereka, wooneka ngati dzira, umene amaunyamula ndi manja n'kumathamanga nawo, anzawo akuwagwetsa pansi mopanda chisoni. Mbali iliyonse kumakhala anthu 11, ndipo amene waudutsitsa mzere wa kumapeto kwa bwalo wapezera timu yake mapointi 6. Masiku a Rockne, anthu ku America ankakonda mpira wa m'makoleji kuposa wa matimu olipidwa. Sizoni yake inali yaifupi, masewero 9 kapena 10 basi, choncho kugonja kamodzi kokha kunkaononga chaka chonse.

Rockne anabadwa pa 4 Marichi 1888 ku Voss, m'dziko la Norway. Bambo ake anali mmisiri wopanga ngolo zokokedwa ndi akavalo, ndipo banjali linasamukira ku Chicago mwanayu ali ndi zaka zisanu. Sukulu ya sekondale sanaimalize. Anakalowa ntchito ku positi ofesi ya ku Chicago komweko, n'kumasanja makalata kwa zaka zinayi, uku akusunga ndalama pang'onopang'ono mpaka zinakwana pafupifupi madola 1,000. Ndiye mu 1910, ali ndi zaka 22, msinkhu umene anzake anali akumaliza koleji, iye ndi pomwe ankayamba ku Notre Dame, pafupi ndi tauni ya South Bend m'chigawo cha Indiana. Sanali Mkatolika. Anali wa mpingo wa Lutheran, ndipo Chikatolika anadzalowa mu 1925, atakhala kale mphunzitsi wa timuyo kwa zaka zingapo.

M'kalasi sanali munthu wamba. Anamaliza bwino zedi mu 1914, ndipo ankathandiza m'labotale ya Bambo Julius Nieuwland, wansembe wa sayansi amene kafukufuku wawo anathandiza kupanga labala wosachokera ku mtengo wotchedwa neoprene. Akanafuna, Rockne akanakalamba ndi mabotolo a mankhwala m'manja. Koma chinali chitachitika kale chinthu china pa 1 Novembala 1913.

Tsiku limenelo Notre Dame, kasukulu kosadziwika, inapita ku West Point kukasewera ndi timu ya sukulu ya asilikali, ija amangoitchula kuti Army. Asilikaliwo analonjeza madola 1,000 a ulendo, poganiza kuti agula timu yongolimbitsira thupi. Lamulo lolola kuponya mpira kutsogolo linalipo kuyambira 1906, koma matimu akuluakulu ankaliona ngati njira ya anthu osowa pogwira. Rockne, yemwe anali kaputeni, ndi mnzake Gus Dorais anali atatha tchuthi chonse akuponyerana mpira pamchenga ku Cedar Point, ku Ohio, komwe ankagwira maganyu. Dorais anaponya ka 17, ka 14 mpira unagwidwa, ndipo Army inagwa 35 kwa 13. Anthu ena amati Rockne ndiye anayambitsa kuponya mpira kutsogolo. Bodza limenelo. Iye anangoonetsa chinthu chakale pamalo pamene atolankhani a ku New York ankayang'ana. Phunziro limeneli, loti katundu umamuika pamene pakudutsa anthu, sanaliiwale mpaka imfa.

Atathandizira mphunzitsi Jesse Harper kwa zaka zinayi, Rockne anatenga timu mu 1918. Chinali chaka cha nkhondo ndi chimfine chija chinapha anthu padziko lonse, ndiye anangosewera kasanu ndi kamodzi: kupambana katatu, kugonja kamodzi, kufanana mphamvu kawiri. Mu 1919 anapambana masewero onse 9. Mu 1920 chimodzimodzi, onse 9.

Zaka ziwirizi zinali za mnyamata wina, George Gipp. Pabwalo analibe mnzake. Kunja kwa bwalo anali mutu wa aphunzitsi: m'kalasi ankaonekamo mwa apo ndi apo, usiku ankachezera njuga ndi pool m'mahotela a ku South Bend. Kumayambiriro kwa 1920 sukulu inamuchotsa, koma pasanapite nthawi, anthu amalonda a m'tauni atadandaula, anamubwezera. Kodi mwana wosathamanga ndi mpira akanamubwezera? Yankho mukulidziwa. Gipp anadwala zilonda zapakhosi kumapeto kwa sizoniyo, kenaka chibayo, n'kumwalira pa 14 Disembala 1920 ali ndi zaka 25. Dzinali mulisunge, tikumananalonso.

Mu 1921 anapambana 10 n'kugonja kamodzi kwa Iowa. Mu 1922 ndi 1923 anagonja kamodzi kamodzi, ndipo zaka zonse ziwirizo wowagwetsa anali Nebraska.

Apa tiime kaye, chifukwa manambala sakunena chinthu chachikulu. Mukayang'ana komwe timuyi inkasewerera, muona New York, Atlanta, Pittsburgh, Lincoln, kenaka Los Angeles. Ana asukulu kumakhala m'sitima yapamtunda masiku angapo, pomwe makoleji akuluakulu ali pakhomo pomwepo. Chifukwa chiyani? Chifukwa anansiwo anali atawatsekera zitseko. Makoleji a m'deralo anali ndi bungwe lawo, lija linadzatchuka ndi dzina loti Big Ten, ndipo Notre Dame sankaifunamo. Michigan, imene ophunzira ake ndi omwe anaphunzitsa Notre Dame mpirawu mu 1887, inagonja 11 kwa 3 mu 1909, ndipo kuchokera pamenepo sinasewerenso nawo mpaka 1942. Mphunzitsi wa Michigan, Fielding Yost, ankati Notre Dame siitsata malamulo a amene ayenera kusewera. Mwina panali kachoonadi. Koma panalinso chidani cha Akatolika, chimene masiku amenewo chinali chosabisa. Mu Meyi 1924 gulu la Ku Klux Klan, lodana ndi anthu akuda, Ayuda ndi Akatolika, linasonkhana ku South Bend komweko, ophunzira a Notre Dame n'kumenyana nalo m'misewu. Mu 1926 sukuluyi inapemphanso kulowa m'bungwe lija, inakanidwa.

Wamalonda akamuthamangitsa pabenchi yake amachita chimodzi mwa ziwiri: kulira, kapena kusenza katundu n'kupita komwe kuli ogula. Ulendo wa kutali anauyamba ndi Harper, koma amene anaona kukula kwa msika wake ndi Rockne. M'mizinda ikuluikulu ya ku America munali miyandamiyanda ya Akatolika osauka, ana a anthu ochokera ku Ireland, Italy, Poland ndi Germany, ogwira ntchito m'mafakitale ndi m'madoko, amene sanapondepo pakhomo la koleji. Anthu amenewa analibe timu. Rockne anawapatsa. Notre Dame ikamenya Army ku New York, munthu wokumba ngalande ankayenda mutu uli m'mwamba Lolemba lake. Mpaka anapatsidwa dzina lachipongwe lotanthauza ophunzira akale a m'sitima zapansi pa nthaka, poti sukulu yawo yokha inali sitima yopita kubwalo. Ndipo ankalipira pachipata, ndiye nkhani yake.

Chaka cha 1924 ndi chimene malonda ndi mpira zinagwirana manja. Pa 18 Okutobala Notre Dame inagonjetsa Army 13 kwa 7 pabwalo la Polo Grounds ku New York. Mtolankhani wotchuka Grantland Rice anayerekeza anyamata anayi akumbuyo, Harry Stuhldreher, Don Miller, Jim Crowley ndi Elmer Layden, ndi okwera pa akavalo anayi aja a m'buku la Chivumbulutso. Zikanathera pomwepo, nyuzi ya dzulo n'kukulungira nsomba. Koma Rockne anali ndi mwana wasukulu, George Strickler, yemwe ntchito yake inali kudyetsa atolankhani nkhani. Timu itabwerera, Strickler anabwereka akavalo anayi, n'kukwezapo anyamatawo atavala yunifolomu, mpira m'manja, n'kuwajambula. Chithunzicho chinafalikira m'nyuzipepala za dziko lonse. Anyamatawo sanali zimphona ayi, anali ochepa thupi kuyerekeza ndi anzawo. Asanu ndi awiri akutsogolo, amene ankalandira zibakera kuti anayiwa adutse, anangopatsidwa dzina loti abulu. Paliponse zimatero: wina akwera kavalo, wina asenza katundu.

Sizoni imeneyo anapambana onse 10, kuphatikizapo a Rose Bowl pa 1 Januwale 1925, pomwe anagonjetsa Stanford 27 kwa 10. Uwu unali ukatswiri woyamba wa dziko lonse wa Rockne. Ansembe oyendetsa sukulu anakondwa, koma mtima unali m'mwamba. Ulendo wa ku California unatenga masabata, ndipo ankaopa kuti dziko liyamba kuona Notre Dame ngati timu yokhala ndi kasukulu kumbuyo kwake. Kuchokera pamenepo anakana masewero a mtundu umenewu a kumapeto kwa sizoni kwa zaka 45, mpaka 1970.

Ndisamunamizire mkuluyu ngati ankangodziwa kutsatsa. Mpira ankaudziwa. Ankakonda liwiro ndi nzeru kuposa thupi. Anyamata ake akumbuyo ankadumpha onse pamodzi kusintha malo mpira usanayambe, mofulumira moti adani ankasokonezeka, mpaka opanga malamulo analamula kuti aziyamba aima kaye. Analinso ndi chizolowezi choyambitsa masewero ndi timu yachiwiri kuti itopetse adani, akatswiri n'kulowa pambuyo pake. Katundu wake anali weniweni. Wamalonda wogulitsa zoola satha zaka 13 pamsika umodzi.

Koma dyera linalipo, ndipo zaka zotsatira zikuonetsa. Mu 1925, okwera pa akavalo aja atamaliza sukulu, timu inapambana 7, kugonja kawiri, kufanana mphamvu kamodzi, ndipo Army inawakwapula 27 kwa 0. Disembala wa chaka chomwecho kunaphulika nkhani yoti Rockne wasaina mwakabisira pangano ndi yunivesite ya Columbia ku New York la madola 25,000 pachaka, pomwe anali ndi pangano lina ndi Notre Dame la madola 10,000. Nkhani itatuluka m'nyuzi, anabwerera kwawo ndi manyazi. Ndalama zapambali zinali zambiri: masukulu ophunzitsa makochi nthawi ya tchuthi, nkhani za m'nyuzipepala zotuluka m'dzina lake, kutsatsa zipangizo zamasewero, ndi kulankhula kwa ogulitsa galimoto za kampani ya Studebaker. Anyamata othyoka mafupa pabwalo sankalandirako gawo la ndalama za pachipata. Iwo ankati ndi ophunzira.

Ya 1926 ndiye imandiseketsa. Timu inali itapambana masewero asanu ndi atatu osagonja, ndipo kunatsala Carnegie Tech, sukulu ya ku Pittsburgh imene Rockne ankaiderera. Tsiku lomwelo ku Chicago kunali masewero aakulu a Army ndi Navy. Mkuluyu anasiyira timu womuthandiza, Hunk Anderson, iye n'kupita ku Chicago kukaonerera. Carnegie Tech inawamenya 19 kwa 0, ukatswiri n'kupita. Ndani wa inu sanasiyirepo mwana okala n'kupita kokacheza, pobwera n'kupeza zaonongeka? Sabata yotsatira anali ku Los Angeles, kugonjetsa Southern California 13 kwa 12 pa masewero oyamba a matimu awiriwa. Mu 1927 matimu omwewa anakumana pabwalo la Soldier Field ku Chicago pamaso pa anthu opitirira 100,000. Chaka chimenecho anapambana 7, kugonja kamodzi, kufanana mphamvu kamodzi.

Tafika pa 1928, chaka choipitsitsa cha Rockne: kupambana kasanu, kugonja kanayi. Chodabwitsa n'chakuti ndi chaka chomwechi chimene Achimereka amachikumbukira kwambiri. Pa 10 Novembala ku Yankee Stadium, timu yake yofooka inakumana ndi Army imene inali isanagonje. M'chipinda chovalira Rockne anauza anyamata ake kuti George Gipp, ali pabedi la imfa zaka zisanu ndi zitatu zapitazo, anamupempha kuti tsiku lina zinthu zikadzavuta adzauze timu kuti imupambanire masewero amodzi. Anyamata analira, natuluka, napambana 12 kwa 6.

Kodi Gipp ananenadi zimenezo? Mboni ndi Rockne yekha, ndipo Rockne ankadziwika kuti nkhani zotere amatha kuzipeka. Pa masewero ena anawerengera timu uthenga woti mwana wake ali m'chipatala ndipo akupempha chipambano, pomwe mwanayo anali bwinobwino kunyumba. Olemba mbiri ngati Murray Sperber, amene anafufuza makalata a Rockne, amaikayikira kwambiri nkhani ya Gipp. Ine ndimaona kuti apa mkuluyu anapyola malire. Kutsatsa anyamata amoyo pa akavalo ndi zina, koma kugulitsa mawu a munthu wakufa amene sangakutsutse ndi zinanso. Ndipo misozi siichedwa kuuma: sabata yotsatira Carnegie Tech yomwe ija inawagonjetsa 27 kwa 7 pakhomo pawo, kugonja koyamba kwa pabwalo lawo kuyambira 1905. Za kugonja kumeneku filimu sinakambe zambiri. Filimuyo inatuluka mu 1940, ndipo amene anasewera ngati Gipp anali Ronald Reagan, yemwe anadzanyamula dzina la mnyamatayo mpaka kukalowa nalo ku White House.

Ambiri ankati Rockne watha. Mu 1929 timu inalibe ngakhale bwalo, chifukwa iye anali atakakamiza ansembe, mpaka kuopseza kuti achoka, kuti amange sitediyamu yatsopano. Masewero onse 9 anasewerera kwa eni kapena pamabwalo obwereka, ndipo onse 9 anapambana. Iye mwini anali akudwala matenda otupa mitsempha ya m'mwendo, magazi akuundana, moti masewero ena ankawaonera ali pa njinga ya odwala, ena osapitako n'komwe. Mu Okutobala chaka chomwecho bungwe la Carnegie Foundation linatulutsa lipoti lodzudzula makoleji ambiri a ku America kuti asandutsa masewero kukhala bizinesi, kulemba ana sukulu chifukwa cha minofu ndi kuwalipira mobisa. Lipotilo linatuluka sabata yomwe msika wa masheya wa ku New York unayamba kugwa, ndiye anthu anali ndi zina zolira.

Mu 1930 sitediyamu inatsegulidwa, yokwana anthu oposa 50,000, pasukulu ya ophunzira zikwi zochepa chabe. Ndani ankayembekezeka kudzaza mipandoyo? Ogula aja. Timu inapambana onse 10, n'kumaliza ndi kukwapula Southern California 27 kwa 0 ku Los Angeles. Ukatswiri wachitatu, wachiwiri motsatizana. Palibe ankadziwa kuti sizoni ya Rockne yomaliza ndi imeneyo.

Pa 31 Marichi 1931 anakwera ndege ya kampani ya Transcontinental and Western Air ku Kansas City, ulendo wa ku Los Angeles kukathandiza kukonza filimu yonena za Notre Dame. Malonda omwewo. Ndegeyo inali ya mtundu wa Fokker, ya mainjini atatu ndi mapiko a matabwa. Chinyezi chinali chitalowa m'phiko n'kufooketsa guluu. Phiko linathothoka m'mwamba, ndege n'kugwera m'munda pafupi ndi kamudzi ka Bazaar ku Kansas. Anthu onse asanu ndi atatu anafera pomwepo. Rockne anali ndi zaka 43, ndipo anasiya mkazi ndi ana anayi.

Maliro ake anaulutsidwa pa wailesi dziko lonse. Pulezidenti Herbert Hoover anatumiza uthenga wa chipepeso, ndipo mfumu ya Norway, Haakon, inatumiza nthumwi. Akanafa anthu wamba asanu ndi atatu, mwina nkhani ikanatha pa sabata imodzi. Koma poti munali Rockne, anthu anafuna kudziwa chimene chinachitika, boma linaimitsa ndege za mtunduwo kuti ziunikidwe, ndipo makampani anathamangira ndege zachitsulo. Kampani yomwe ija ndi imene inapempha a Douglas kuti aipangire ndege yatsopano, ndipo m'menemo munatuluka DC-1, kenaka DC-2 ndi DC-3. Nawo a Studebaker sanachedwe: anatulutsa galimoto yotchedwa Rockne, imene inagulitsidwa mu 1932 ndi 1933 yokha, poti nthawi inali ya umphawi ndipo dzina lokha silinakwanitse kuigulitsa.

Timu inatsala m'manja mwa Hunk Anderson, yemwe uja anasiyidwa ndi okala mu 1926. Mu 1931 anapambana 6, kugonja kawiri, kufanana mphamvu kamodzi, ndipo Southern California inawagonjetsa 16 kwa 14 m'sitediyamu yatsopano ija. Mu 1932 anapambana 7 n'kugonja kawiri. Mu 1933 anapambana katatu kokha, kugonja kasanu, ndipo Anderson anachoka, m'malo mwake n'kulowa Elmer Layden, mmodzi wa okwera pa akavalo aja. Ukatswiri wa dziko lonse unadzabwereranso ku Notre Dame mu 1943, pansi pa Frank Leahy, mnyamata amene anasewera kutsogolo, pamalo a abulu paja, m'matimu omaliza a Rockne.